Diramu la Kudimba kwa Aphunzitsi

Kadona anayamba kutsekula m'mimba Lachiwiri m'mawa. Pofika Lachitatu anali atasanzanso kanayi, maso atalowa m'kati, milomo itauma gwa. Agogo ake aamuna anayesa kumugwedezera makiyi, koma mwanayo anangowayang'ana n'kutembenukira kukhoma. Anali ndi zaka ziwiri zokha. Dzina loti Kadona anamupatsa ndi agogo akewo, chifukwa ankakonda kuyenda monyang'wa pakhonde atavala nsapato za amayi ake.

Agogo amenewa msewu wonse unkawatchula kuti Aphunzitsi, ngakhale choko anali atachisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito, pakamwa sipanapume nawo. Akazi awo ankauzidwa kayanikidwe ka zovala. Wometa tsitsi ankauzidwa kagwiridwe ka lumo, mutu uli m'manja mwake. Anthu ankangovomera, pakuti nthawi zambiri Aphunzitsi ankanenadi zoona, ndipo nthawi zina zotsalazo panalibe wofuna kutaya tsiku lonse akutsutsana nawo. M'nyumbamo ankakhala iwo, akazi awo, mpongozi wawo ndi Kadona. Mwana wawo wamwamuna ankayendetsa malole a maulendo ataliatali, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi.

Kuchipatala anamugoneka Kadona n'kumuika diripi. Namwino wa m'chipindamo, mayi wachikulire wa magalasi okhuthala, atamaliza kumata pulasitala pakadzanja ka mwanayo anayamba kufunsa mafunso. Anafuna kudziwa ngati panali winanso kunyumba amene m'mimba simunali bwino. Mpongozi anavomera kuti iye ndi apongozi ake aakazi anali atavutika masiku awiri. Aphunzitsi anayang'ana kudenga. Nawonso anali atathamangira kuchimbudzi kangapo, koma zimenezo sanauze munthu.

Namwino atafunsa za madzi akumwa, mpongozi anayankha motsitsa mawu kuti amamwa a pampopi. Anati masiku ena, madzi akasiya kenako n'kubwereranso, oyambirirawo amatuluka achikasu pang'ono ndi kafungo kachilendo. Anati anaganizapo zomawiritsa a mwana, koma pamenepo anaima, n'kuyang'ana apongozi ake cham'mbali.

“Ndinamuletsa ndine,” anatero Aphunzitsi. “Madzi a pampopi amabwera atathiridwa kale mankhwala. Kuwawiritsanso n'kungotha magetsi.”

“Kumene akuchokerako amachokadi ali oyera, bambo,” anatero namwino uja akulemba pakhadi. “Koma kuchoka pamita kufika m'kamwa mwa mwana, ulendo umenewo woyang'anira ndinu. Madzi akasintha mtundu kapena fungo, musamwe osawiritsa. Ndipo muitane wodziwa mapaipi akaone bwinobwino.”

Aphunzitsi sanazolowere kuuzidwa zochita pamaso pa mpongozi. Anabwerera kunyumba okha masana amenewo, mtima uli phuliphuli. Anatunga madzi m'tambula pampopi wa kukhitchini, n'kuwayang'ana padzuwa, n'kuwanunkhiza. Kafungoko kanalimodi. Anaima pawindo akuganiza, ndipo maso awo anagwera pampanda wowalekanitsa ndi nyumba yoyandikana nayo. Paipi yawo yochokera kumita inkadutsa m'mbali mwa mpandawo, ndipo kuseri kwake kunali chimbudzi chokumba cha Atelala. Nkhani inathera pomwepo m'mutu mwawo.

Atelala anali mayi wamasiye amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, kuseri akuweta nkhuku zoikira. Tsikulo pakhondepo panali amayi anayi, ena akuyesa madiresi, ena akudikira mayunifolomu a ana. Aphunzitsi sanaodire n'komwe. Anaima pamsewu penipeni, tambula ija ili m'manja, n'kulankhula ndi mawu aja ankafika mpaka benchi lakumbuyo m'kalasi. Ananena kuti mdzukulu wawo ali pa diripi chifukwa cha chimbudzi cha anthu osadziwa ukhondo. Ananena za mtunda woyenera pakati pa dzenje ndi paipi, n'kutchula mayina a tizilombo toyambitsa matenda. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzamvera.

“Ukhondo sufuna satifiketi, mayi,” anatero pomaliza. “Mwana uja kukachitika kanthu, mudzayankha ndinu.”

Atelala anali ataimitsa makina. Anayesa kunena kuti chimbudzicho anachimangitsa ndi simenti mpaka pansi, koma sanamalize. Anavula tepi yoyezera m'khosi, n'kuipinda pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba. Mmodzi mwa amayi aja anatenga nsalu yake yosasokedwa n'kumapita.

Kuti mtima utsike, Aphunzitsi anapita kudimba lawo kuseri kwa nyumba. Dimbalo linali kunyada kwawo. Masamba ake anali obiriwira moti odutsa ankasuzumira pampanda, ndipo chinsinsi chake chinali diramu labuluu lomwe analikweza pa njerwa zofika m'chiuno. M'diramumo ankaviika thumba la zitosi za nkhuku, zomwe ankapatsidwa ulere ndi Atelala omwewo, ndipo madzi akuda otulukamo ndiwo ankathirira mbewu. Podzaza diramulo ankagwiritsa ntchito paipi ya labala yochokera pampopi wa panja. Kuti isamadumphe madzi akabwera ndi mphamvu, anaimangirira chidutswa cha njerwa n'kuimiza mpaka pansi pa diramu. Ndipo popeza madzi ankasiyasiya m'dera lawo, mpopiwo ankausiya wotsegula kuti akabwera, diramu lizidzaza lokha. Nzeru imeneyi anali ataifotokozera alendo ambiri.

M'mawa wa Lachinayi akazi awo anaitana wokonza mapaipi. Anafika pa njinga yamoto, chikwama cha zipangizo chili kumsana, ndipo atavula chipewa, Aphunzitsi anamuzindikira. Anali mtsikana amene anamuphunzitsapo kalekale, wokhala kumbuyo pafupi ndi windo, amene anamulemberapo palipoti kuti khama ali nalo koma sayansi si yake. Tsopano anali mayi wa ana awiri, ndipo anthu ankangomutchula kuti Sipanala. Anawapatsa moni ndi manja awiri, akupinda maondo ngati akadali pasukulu.

Aphunzitsi anamuuza kuti ntchito yofufuza anaimaliza kale, iye angokumba m'mbali mwa mpanda n'kusintha paipi yoboolayo. Sipanala sanatsutse. Anakumba kuchokera pamita mpaka pakhoma la nyumba, iwo ataima pambali manja ali kumbuyo. Paipi inali yamphumphu, dothi lake louma. Anamasula pamita n'kutunga madzi m'botolo. Anali oyera mbee, opanda fungo lililonse.

“Ndiye kuti bowolo ndi laling'ono, sukuliona,” anatero Aphunzitsi.

“Mwina, Aphunzitsi. Koma ndiloleni ndione kaye mipopi yonse.”

Anayamba ndi kukhitchini. Pansi pa sinki anapeza polumikizira podontha, pomwe Aphunzitsi anapakulunga ndi mphira wa tayala chaka chatha, thabwa la pansi pake litawola n'kuchita nkhungu. Anamasula kasefa ka kumlomo kwa mpopi n'kukagogoda pachikhatho. Munatuluka timatope tobiriwira, timankhusu, ndi kanthenga kakang'ono koyera. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati panja pali mpopi wina.

Atafika kudimba anaima phee. Anatsata paipi ya labala ija ndi maso kuchokera pampopi mpaka pomwe inamira m'madzi akuda a m'diramu. Anagwira mpopi, n'kupeza ndi wotsegula. Anapempha akazi a Aphunzitsi kuti akaime kukhitchini ndi beseni loyera, ndipo iye anatola khala n'kulemba mzere m'diramu pomwe madzi analekezera. Kenako anapita kukatseka madzi pamita, monga zimakhalira madzi akasiya, n'kuitana kuti atsegule mpopi wa kukhitchini.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako paipi ya labala inagwedezeka pang'ono ngati yamoyo. Aphunzitsi anaona ndi maso awo madzi akutsika m'diramu, mzere wa khala ukutsala pamwamba, chala chimodzi, zala ziwiri. Kukhitchini kunamveka mawu a akazi awo akuti, “Mayo ine.” Anatuluka atanyamula beseni lija kutali ndi nkhope. Madzi ake anali ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lake panalibe wofunsa kuti ndi la chiyani.

“Madzi akasiya, mapaipi amatsala opanda mphamvu,” anatero Sipanala mofatsa, maso ali pansi. “Wina akatsegula mpopi wa m'munsi, kapena madzi akamabwerera kumsewu, paipi imayamwa chilichonse chomwe mlomo wake wamiramo. Diramuli lili pamwamba, khitchini ili m'munsi. Madzi akabweranso, amakankhira zonsezo ku mipopi ya m'nyumba.”

Aphunzitsi sanafunikire kufotokozeredwa kawiri. Phunziro limeneli analiphunzitsa chaka ndi chaka, ndi ndowa ziwiri ndi kapaipi, ana akuombera m'manja madzi akamakwera okha. Anakhala pansi pa mzere wa mbewu zawo, osasamala kuti buluku lida. Anakumbukira Loweruka lapitalo, madzi atangobwera, Kadona akulira ludzu. Anali iwo amene anamutungira m'kakapu kake kofiira, n'kumugwirira mpaka atamaliza, n'kumuyamikira kuti ndi mwana wabwino.

Patapita nthawi anakweza mutu, koma sanathe kumuyang'ana Sipanala kumaso. Anayang'ana nsapato zake zamatope.

“Mwanawe,” anatero ndi mawu osamveka bwino, “konza zonse zofunika kukonza. Koma nkhaniyi ithere mumpanda muno. Anthu ukhoza kungowauza kuti paipi inali yakale.”

Sipanala anapukuta manja pa ovolosi yake nthawi yaitali asanayankhe. Zinkaoneka kuti zikumuvuta kuposa kukumba kuja.

“Aphunzitsi, ine sindilengeza za m'nyumba za anthu. Koma nyumba yanu ili kumtunda kwa msewu uno. Zomwe zinayamwidwazi mwina sizinathere kwanu kokha, zina zikhoza kukhala zitatsikira kwa anzanu. Nyumba yachitatu apo pali khanda la milungu iwiri. Akuyenera kudziwa lero, kuti atsuke mapaipi awo ndi kuwiritsa madzi. Mukapanda kuwauza inu, ndiwauza ine, koma zingakhale bwino atamva kwa inu.”

Aphunzitsi anatembenukira kwa akazi awo, kuyembekezera kuti awathandiza. Mayiwo anali atakhuthula beseni lija kudzenje la zinyalala, ndipo ankasamba m'manja ndi sopo kachitatu.

“Dzulo simunanong'one, bambo,” anatero osatembenuka. “Lero musayambe kuphunzira kunong'ona.”

Ntchito inatenga tsiku lonse. Sipanala anachotsa paipi ija m'diramu, n'kuika pampopi wa panja kavalavu kolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Anawaonetsa kuti podzaza diramu, ndowa kapena bafa, mlomo wa paipi uzikhala pamwamba, pazitsala mpata wa chikhatho chathunthu pakati pa paipi ndi madzi. Anadula mphira uja pansi pa sinki n'kuikapo cholumikizira chatsopano, akunena kuti pomwe madzi amatulukira akakhala ndi mphamvu, ndi pomwenso zoipa zimalowera mphamvu ikatha. Anathira mankhwala a kolorini m'mapaipi onse, n'kudikira, kenako n'kutsegula mipopi yonse mpaka fungo la mankhwalawo litatha. Anaimbiranso a zamadzi kuti adzayeze madzi a mumsewuwo. Pa zonsezi Aphunzitsi ankangomupatsira zipangizo, iye akatchula, osawonjezapo liwu.

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, anavala jekete n'kuyamba kugogoda pamakomo. Nyumba zinali zisanu ndi ziwiri. Pakhomo loyamba anazungulira kwambiri, akufotokoza za mphamvu ya madzi ndi mpweya, mpaka mwini nyumba anafunsa kuti kodi kwenikweni chachitika n'chiyani. Pakhomo lachiwiri anafupikitsa. Pofika pachitatu, pomwe mayi wa khanda uja anatuluka mwana ali pachifuwa, anangonena kuti madzi a manyowa a m'diramu lawo analowa m'mapaipi, wolakwa ndi iwo, ndipo asamwe madzi osawiritsa mpaka a zamadzi atayeza. Mayiyo anakumbatira mwana wake mwamphamvu n'kutseka chitseko osatsanzika. Ena anawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinkawawa kuposa chitseko chija. Mwamuna wina wa nthabwala anati n'chifukwa chake ndevu zake zakula msanga sabata ino, koma ataona nkhope ya Aphunzitsi anasiya kuseka.

Kwa Atelala anafika pomaliza. Pakhonde panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe. Mayiwo ankasoka kolala ya shati, ndipo makina sanaime pamene Aphunzitsi anaodira. Anavula chipewa n'kuima m'munsi mwa masitepe. Anafotokoza zonse, osabisa kuti chimbudzi chija chinalibe mlandu, kuti anawanyoza pagulu popanda umboni, ndiponso kuti nyumba zonse za mumsewumo azidziwitsa zimenezi. Anapepesa. Mawu oti pepani anatuluka movuta, ngati chitseko chomwe sichinatsegulidwe zaka zambiri.

Atelala anamaliza msoko wawo, n'kudula ulusi ndi mano.

“Ndamva,” anatero. “Mwana wanga wamkazi lero wabwera kuchokera kusukulu akulira. Anzake akumutchula kuti wa kunyumba ya matenda. Zimenezo sizichoka ndi pepani wa lero, Aphunzitsi. Zitenga nthawi.”

“Ndikudziwa, mayi.”

Atelala anatembenuza shati ija, n'kuyang'ana kolala ngati yakhota.

“Nanga Kadona ali bwanji? Wayamba kudya?”

Aphunzitsi anangogwedeza mutu kuvomera, n'kubwerera kwawo chipewa chili m'manja.

Panatsala munthu mmodzi. Akazi awo ankapita kuchipatala m'mawa ndi madzulo kukapereka chakudya, koma anakana kumuuza mpongozi chilichonse. Anati katundu ameneyo ali ndi mwini wake. Aphunzitsi anakonza mawu m'mutu masiku awiri, akuwasintha, akuwafupikitsa, koma paliponse pomwe ankayambira, ankathera pa kakapu kofiira kaja.

Kadona anatuluka m'chipatala Loweruka masana, atawonda, khosi litatalika, koma maso atabwerera. Mpongozi atamugoneka kuchipinda anapita kukhitchini kukatunga madzi, ndipo anaima pakhomo modabwa. Apongozi ake aamuna, amene chikwatiwire sanawaonepo atagwira chiwiya, anali atapinda malaya mpaka m'zigongono. Pachitofu panali poto wamkulu akuwira, ndipo iwo ankatsuka ndowa yatsopano yosungira madzi akumwa, yokhala ndi kampopi kake m'munsi.

Anamuuza kuti akhale pampando. Iye anafuna kukhala pansi monga mwa nthawi zonse, koma anamukakamiza, iwo n'kutsala chiimire. Mawu onse okonzakonza aja anabalalika. Anamuuza za diramu, za paipi, za kanthenga kaja. Anamuuza kuti iye anamva fungo ndipo anaganiza bwino, koma iwo anamuletsa chifukwa chofuna kuoneka odziwa.

“Mwana wako akanapita chifukwa cha ine,” anatero. “Bambo ake ndiwaimbira ndekha. Sindikupempha kuti unene kanthu lero.”

Mpongozi anaika manja pamiyendo. Misozi inatsika, iye osaipukuta. Anali atagona masiku atatu pabenchi la chipatala akudzifunsa chomwe analakwitsa, akuwerenga m'mutu mbale iliyonse ndi thewera lililonse, akuopa zomwe adzanene mwamuna wake ndi abale ake. Zonsezi sanazinene, koma Aphunzitsi anaziona pankhope yake, ndipo anazyolika.

Poto uja anapitiriza kuwira. Aphunzitsi, posowa pogwira, anatembenuka n'kutenga chivundikiro cha ndowa chomwe anachisiya pansi pafupi ndi chitseko, kuti avundikire.

“Bambo,” anatero mpongozi. “Chivundikirocho chinali pansi. Chitsukeninso ndi sopo. Ndipo madziwo asiyeni azizire mupoto momwemo, ali ovundikira, musanawathire.”

Aphunzitsi anayang'ana chivundikiro chija, n'kuyang'ana mpongozi wawo.

“Chabwino, mayi,” anatero, n'kutenga sopo.

Phunziro: Madzi oyera akhoza kuipitsidwa m'nyumba mwathu momwe. Tisamize mlomo wa paipi m'diramu, m'ndowa kapena m'bafa, tikonze msanga malo odontha pogwiritsa ntchito odziwa ntchitoyo, ndipo madzi akasintha mtundu kapena fungo tiziwawiritsa n'kuwasunga movundikira. Tisanaloze chala mnansi tiyambe taona kuseri kwa nyumba yathu, ndipo tikapeza kuti vuto lachokera kwathu tinene msanga, chifukwa paipi ya mumsewu timamwera limodzi.